Mukuwerenga chiyani? Mmene timachezera za mabuku a matsenga ndi a sayansi pakhonde ku Chibavi

Kawiri pamwezi, Loweruka, nthawi ikamathamangira 3 koloko masana, ndimatulutsa benchi ndi mipando iwiri ya pulasitiki n'kuyatsa mbaula pakona pa khonde. Kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julaye simungakhale panja popanda moto. Kamvula kaja kowaza ngati ufa kamangoyamba osapempha, ndipo anthu amafika atadzikulunga m'majekete a pa kaunjika ngati akukagona pa maliro. Timakwana asanu ndi awiri, tsiku labwino asanu ndi anayi. Aliyense amabwera ndi buku limene akuwerenga, kapena foni imene muli bukulo, ndipo timacheza mpaka a kabaza atayamba kusowa mumsewu.

Mabuku athu ndi aja ena amati ndi achibwana: a zinjoka zolavula moto, a ana opita kusukulu yophunzira matsenga, a zombo zopita ku nyenyezi, a makina oganiza okha. Pa Chingerezi amawagawa pawiri, fantasy ndi science fiction. Ife timangoti nthano za matsenga ndi nthano za sayansi. Aphunzitsi ena a fizikisi opuma ntchito, amene ndi akulu pagulu lathu, anatipatsa njira yosiyanitsira imene sindinaiwale. Munthu akauluka pa lichero kuchoka ku Mzimba kukafika ku Joni usiku umodzi, wolemba n'kunena kuti ndi mankhwala a agogo ake, imeneyo ndi ya matsenga. Koma wolemba akayamba kukuuzani kuti licherolo lili ndi injini, limamwa mafuta angati, ndipo woyendetsa akupuma bwanji kumwambako kopanda mpweya, mwalowa mu sayansi.

Msuweni wanga wa ku Karonga wayesa kawiri kuyambitsa gulu lotere, kawiri konse lafa lisanathe miyezi itatu. Anandipempha kuti ndimulembere mmene timachitira, ndiye ndati ndilembere onse kamodzi.

Choyamba, musagwirizane zowerenga buku limodzi nonse. Ife tinayamba choncho ndipo tinatsala pang'ono kubalalika. Buku linali limodzi, owerenga asanu ndi awiri, aliyense masabata awiri. Mmene womaliza ankatseka tsamba lomaliza n'kuti patatha miyezi itatu ndi theka, woyamba uja ataiwala ngakhale dzina la mwini nkhani. Mabuku a mtundu uwu ndi osowa mumzinda uno. Mumapeza limodzi ku laibulale ya National Library Service, lina kwa anyamata oyala mabuku akale pa chiguduli pafupi ndi msika, pakati pa mabuku a masamu ndi a maulaliki, ndipo kawirikawiri limakhala lachiwiri pa mndandanda wa atatu, loyamba lisakudziwika kumene lili. Anthu akuno sanaiwale moto wa mu Disembala 2015 umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University ndi mabuku pafupifupi 45,000. Malo otere simungamange gulu pa chiyembekezo chopeza makope asanu ndi awiri a buku limodzi. Aliyense aziwerenga chimene wapeza, tsiku lokumana adzatiuze.

Zikatero vuto limasamuka. Munthu akulankhula za buku limene anzake sanalione, ndiye amaganiza kuti ntchito yake ndi kulifotokoza lonse kuyambira pachikuto. Palibe chimene chimapha macheza msanga kuposa chimenechi. Mnyamata wina anatisunga mphindi 40 ndi mayina a mafumu a dziko limene kulibe, uyu anabereka uyu, uyu anapha uyu, mpaka tiyi anazizira m'makapu. Kuyambira tsiku limenelo foni ya mtsikana wa Fomu 3, amene ndi wamng'ono pagulu, imalira pakatha mphindi zisanu, ndipo imalirira aliyense, aphunzitsi omwe.

M'mphindi zisanuzo timafuna zinthu zochepa. Nenani dzina la buku ndi wolemba, nenani pamene mwafika, kenako tiuzeni lamulo la dziko la m'bukumo. Apa mpamene pagona luso lonse, ndiye ndichedwapo.

Buku lililonse la matsenga kapena la sayansi limasintha chinthu chimodzi kapena ziwiri pa dziko limene tikulidziwa, zina zonse n'kumatsatira. Mukapeza chinthu chimenecho n'kuchinena m'ziganizo ziwiri, anzanu amalowa m'bukumo ngakhale sanaligwire. Ine nditawerenga Dune, la Frank Herbert la mu 1965, sindinatchule nyumba zachifumu zimene zikulimbirana ulamuliro. Ndinangoti kudziko lotchedwa Arrakis kulibe mvula, moti anthu amavala chovala chimene chimasonkhanitsa thukuta ndi mkodzo n'kuzisefa kuti amwenso, ndipo kulavula malovu pamaso pa munthu ndi ulemu waukulu chifukwa mwamupatsa madzi a m'thupi mwanu. Ndinanena izi mvula ikugogoda pa malata, madzi akusefukira m'ngalande ya kutsogolo kwa nyumba. Anthu anaseka, kenako mafunso anayamba okha. Nanga maliro amachita bwanji? Ndinawauza kuti munthu akafa, madzi a m'thupi mwake amabwerera kwa mtundu wonse. Tinakhala pa mfundo imeneyo theka la ola.

Mlongo wina amene ndi namwino anabwera ndi A Wizard of Earthsea la Ursula Le Guin, la mu 1968. Lamulo lake analinena chonchi: chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wodziwa dzinalo ali ndi mphamvu pa chinthucho, n'chifukwa chake anthu amabisa mayina awo enieni n'kumayendera ongoitanira. Amayi ena a telala, amene amasoka ku Chiputula ndipo salankhula kawirikawiri, anangoti, "Ndiye mwati n'chifukwa chiyani sitimatchula apongozi dzina?" Basi, buku la ku America linasanduka nkhani yathu.

Lamulo likamveka, funso lotsatira ndi la mtengo. Matsenga amenewa akulipira ndani? M'buku la Le Guin lija, wamatsenga akaitana mvula pachilumba china akhoza kudzetsa chilala pachilumba china. Mu Zoo City la Lauren Beukes, limene nkhani yake ikuchitikira ku Johannesburg, munthu amene wapalamula mlandu waukulu amapezeka ali ndi nyama imene sangasiyane nayo, aliyense n'kumaona kuti uyu ali ndi mbiri. Nyamayo imabwera ndi mphatso ina yake, komanso imamutsekera makomo a ntchito ndi a nyumba za lendi. Buku limene wamatsenga amangotambasula dzanja zinthu n'kuchitika popanda chimene wataya, ine ndimaliona ngati la ulesi, ndipo ndimanena poyera. Amayi a telala aja ali ndi funso lawo limene amafunsa buku lililonse: "Anthu amenewa akudya chiyani, ndipo akuphika ndani?" Mudzadabwa kuchuluka kwa mabuku a masamba 700 amene ankhondo amayenda miyezi osaona munda, chitsime kapena mayi wosinja.

Tsopano za kuulula mathero. Nkhanga zinapangana kusanapse, inunso panganani tsiku loyamba lenileni. Ife tinachedwa. Namwino uja anatha miyezi itatu akuwerenga mndandanda wa mabuku atatu, usiku akamadikira odwala, atatsala ndi masamba osakwana 100. Mnyamata wina, mosangalala, wosafuna choipa, anamufunsa ngati wafika pamene wakutiwakuti amafa. Mlongoyo sanayankhe. Anatseka buku, analiika m'chikwama, anasiya tiyi wosamwa, ndipo sitinamuone miyezi iwiri. Mnyamatayo anapepesa kangapo, koma pepani sapoletsa chilonda. Lamulo lathu lero ndi lakuti mukhoza kunena momasuka za gawo loyamba mwa magawo atatu a buku. Kupitirira apo muyambe mwafunsa, "Alipo akufuna kudzaliwerenga?" Dzanja likakwera ngakhale limodzi, tsekani pakamwa, kapena mutengane ndi amene analiwerenga kale mukanong'onezane kuseri kwa nyumba. Wophwanya lamuloli amagula mandasi a gulu lonse ulendo wotsatira. Ineyo ndagulapo kawiri.

Maganizo ndiye chifukwa chenicheni chokumanirana, koma anthu ambiri sitinaphunzitsidwe kuwanena. Kusukulu tinkaloweza zimene aphunzitsi ati ndiye mutu wa nkhani, n'kukazibweza pa mayeso. Ndiye munthu ukamufunsa kuti buku waliona bwanji amangoti ndi labwino, kapena ndi lobowa. Pakhonde pathu mawu amenewa saloledwa kuyenda okha. Ukati ndi labwino, tisonyeze tsamba. Aliyense amabwera atapinda kapepala pamalo amodzi, ndime imodzi yokha, n'kuiwerenga mokweza mmene inalembedwera. Akamaliza timamupempha kuti ainenenso mu Chichewa kapena mu Chitumbuka, chimene chili pafupi ndi lilime lake. Apa mpamene munthu amadziona yekha ngati wamvetsa. Ziganizo zina zimene zimaoneka zakuya pa Chingerezi zimasanduka mphepo ukazitembenuza, zina zooneka wamba zimalemera. Tinathapo mphindi zambiri tikukangana kuti robot tiziti chiyani, popeza kuno loboti ndi magetsi a pamsewu aja. Ena ankati chidole choganiza, aphunzitsi ankati makina ogwira ntchito okha, namwino anati ndondocha ya chitsulo, ndipo dzina limeneli ndi limene linakhala.

Muyambe ndi wamng'ono, akulu alankhule kumapeto. Ichi n'chosemphana ndi mmene tinaleredwera, koma mukayamba ndi aphunzitsi, ana onse amangovomereza. Mtsikana wa Fomu 3 uja anatha miyezi inayi asanatsutse munthu. Tsiku limene anatsutsa, anayamba wayang'ana pansi, n'kuti, "Pepani aphunzitsi, mwina ine ndi amene sindinamve bwino, koma mtsikana wa m'bukumu sanathawe kwawo chifukwa chonyoza makolo." Ankanena za Binti, kabuku ka Nnedi Okorafor ka mu 2015, ka mtsikana wa mtundu wa Himba wa ku Namibia amene wasankhidwa kupita ku yunivesite ya kudziko lina la kumwamba, nanyamuka usiku osatsanzika, atatenga kabotolo ka dothi lofiira losakaniza ndi mafuta limene akwawo amadzola. Aphunzitsi anati mwanayo ndi wosamvera. Mtsikanayo anati munthu wonyoza kwawo sanyamula dothi la kwawo. Aphunzitsi anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwana wanga, bwereza." Ngati ndinu wotsogolera, ntchito yanu pa nthawi ngati imeneyi ndi kuonetsetsa kuti wina asalowerere.

Mudzakhalanso ndi a kandimverere, amene anaona filimu yokha kapena anamva kwa mnzawo, koma ali ndi maganizo amphamvu kuposa owerenga. Musawathamangitse, ena mwa owerenga athu abwino anayamba choncho. Ingowapemphani kuti anene poyamba kuti akulankhula za filimu. Ndipo amene wasiya buku panjira asachite manyazi. Kusiya n'kololedwa, bola unene tsamba limene unasiyira ndi chimene chinakutopetsa. Chokhacho chimene ndimapempha n'chakuti buku la mtundu uwu mulipatse masamba 50 musanaligamule, chifukwa koyambirira wolemba amakhala akumanga dziko, mayina achilendo ali mbwee. Dune ili ndi mndandanda wa matanthauzo a mawu kumapeto kwake, ndipo ine ndinauona nditavutika kale masamba 80.

Pali nkhani ina imene mabuku a malangizo a kunja sangakuuzeni. Tsiku lina amayi oyandikana nafe, a mvano, anaona chikuto chokhala ndi chinjoka ndi munthu wonyamula ndodo yowala. Madzulo ake anandiitana pampanda. "Achimwene, zimene mukuphunzitsana pakhondepo ndi za kumpingo uti?" Musaseke funso lotere, ndipo musayankhe mwachipongwe. Kwathu kuno mawu akuti ufiti si masewera, agogo ena anathamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa chongonamiziridwa. Munthu akaona ana akusonkhana pa mabuku a matsenga ali ndi chifukwa chofunsira. Ndinawafunsa ngati agogo awo sankawaimbira nthano za kalulu wolankhula ndi za mtsikana wokwatiwa ndi fisi wovala khungu la munthu. Anati ankawaimbira, vidokoni, madzulo pamoto. Ndinati ndi zomwezo, kungoti izi n'zosindikiza. Ndinawauzanso kuti J.R.R. Tolkien, amene anatulutsa The Hobbit mu 1937, anali Mkatolika wolimbikira, ndipo mnzake C.S. Lewis, mwini nthano za Narnia, analembanso mabuku ambiri ophunzitsa Chikhristu. Koma chimene chinathandiza kwambiri si mayina amenewa. Ndinawaitana kuti adzakhale nafe Loweruka lotsatira. Anabwera, anamva tikukangana za madzi ndi za apongozi, anamwa tiyi, napita. Sanabwerenso, koma mdzukulu wawo amabwera. Kumanani poonekera, ndipo mwana wa sukulu asabwere makolo ake asakudziwa.

Za kubwerekana ndinena mwachidule, ngakhale mpamene pamathera maubwenzi ambiri. Gulani hadikava imodzi. Lembani dzina la buku, mwini wake, wobwereka, tsiku, ndi mmene bukulo lilili, ngati chikuto chang'ambika kale kapena masamba ena akusowa. Wobwereka asaine. Buku lizichoka pakhonde lili mu jumbo, chifukwa langa lina linakwera kabaza kupita ku Luwinga mvula ikugwa ndipo linabwera litatupa ngati mkate. Lina linabwera masamba asanu ndi atatu omaliza palibe, mwana wa m'nyumbamo atakulungira mtedza. Munthu asatenge lachiwiri asanabweze loyamba, ngakhale akhale mlamu wanu. Ine ndimagwira ntchito ya fotokope m'tauni, ndipo anzanga amandinyengerera kuti ndingojambula buku lonse makope asanu. Ndimakana. Mtengo wa mapepala okha umaposa wa buku la pa chiguduli, komanso olemba ena amene timawerenga ndi Amalawi anzathu amene akudikira kandalama komweko.

Za pa foni zilipo zaulere zosaba. Pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg pali mabuku akale amene umwini wake unatha, monga Frankenstein la Mary Shelley la mu 1818, ndi The Time Machine la H.G. Wells la mu 1895, lalifupi moti mukhoza kulimaliza Lamlungu limodzi. Magazini ya Omenana, imene inayamba ku Nigeria mu 2014, imatulutsa nkhani zazifupi za olemba a mu Africa ndipo imawerengedwa ulere pa intaneti. Mmodzi agule bandulo, atsitse, enawo alandire pa Bluetooth. Nkhani yaifupi imathandizanso pa vuto lija la buku limodzi: kamodzi pa miyezi iwiri timasankha imodzi kuti tonse tiwerenge, ndipo tsiku limenelo lamulo la mathero limapuma.

Wobwera kumene musamupatse buku lonenepa. Mpatseni Binti, masamba ake sakwana 100, ndipo kanapambana mphoto zikuluzikulu za mabuku a mtundu uwu, za Hugo ndi Nebula, mu 2016, ngati ali munthu wofuna umboni wotere. Akafunsa ngati Amalawi amalemba zoterezi, muuzeni za Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, limene nkhani yake ikuchitika mu Africa zaka 500 kutsogoloku, ndi za Imagine Africa 500, buku la nkhani zazifupi limene linasindikizidwa ku Lilongwe, mmene muli nkhani ya Muthi Nhlema ndi za olemba ena a kuno ndi a maiko ena a mu Africa. Aphunzitsi amakonda kuwonjezera kuti Steve Chimombo anayamba kalekale kulemba za Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, ndipo kuti tikanakhala ofatsa tikanaona kuti nthano za matsenga sitinaziphunzire kwa azungu. Pamenepa palibe amene amawatsutsa.

Pakadali pano ine ndili pakati pa The Old Drift la Namwali Serpell wa ku Zambia, la mu 2019, limene linapambana mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Ndi lalitali, ndipo mbali zina amene akufotokoza nkhani ndi udzudzu, gulu lonse la udzudzu likulankhula pamodzi. Loweruka lapitali ndinawerengera anzanga ndime ya Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi amene analikodi, amene mu 1964 ankakonzekeretsa achinyamata a ku Zambia ulendo wa kumwezi powagubuduza m'migolo pachitunda. Namwino akuti munthuyo mutu sunkayenda bwino. Aphunzitsi akuti ankaseka azungu mochenjera, iwo osazindikira. Ine maganizo anga akusinthasintha tsamba lililonse, ndipo ndinawauza choncho. Foni inalira ndisanamalize, mtsikana uja anandiyang'ana, ndinakhala pansi. Mu hadikava alembetsa kale anthu atatu odikira bukuli, ndipo amayi a telala andiuza kuti ndikapitirira mwezi uno ndisanamalize, buluku langa la ku ukwati lija salisoka.